Fumbi la M'makola Akale

Ku Lusaka ndinapitira ntchito ya m'nyumba. Za manyowa zinabwera pambuyo.

Bambo wa mwana wanga anali atalowera ku Joni n'kuzimirira komweko, ndipo munda umene amayi anatisiyira tinagawana anthu ambiri, moti gawo langa ndinkalima m'mawa umodzi n'kutha. Mayi wina wa kwathu ku Mchinji, amene ankagulitsa zitenje ku Chipata, anandiuza za banja lina ku Kabulonga lofuna wantchito wodziwa kuchapa ndi kusita. Ndinasiya Lonje, mwana wanga, m'manja mwa akulu anga. Anali asanayambe sukulu. Tsiku lonyamuka anali kuseri kwa nyumba akusewera ndi kamwana ka mbuzi, ndipo akulu anga anati ndisamuitane, angalire, ndingopita. Ndinamvera.

Za ulendowo ndimakumbukira kutentha kwa pa mlatho wa Luangwa ndi fungo la nsomba zouma limene linalowa m'basi n'kukhala nafe mpaka m'tauni. Ku Kabulonga ndinakhalako bwino ndithu. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, ndinkadya zotsala za patebulo, ndipo mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kwa akulu anga. Nyengo ya mvula itadutsa kawiri, mabwana aja anasamukira kunja. Anandisiyira nsapato zakale ndi simbi yositira, n'kunditsanzika pageti.

Kubwerera kumudzi ndi simbi sindikanatha. Ndinapeza kachipinda ka lendi ku Mtendere, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenda geti ndi geti kufunsa ganyu. Alonda ambiri ankangondiyankhira pa kabowo.

Tsiku lina miyendo itakana, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu wa ku Kalingalinga, pamene amayi amaswa miyala ndi kugulitsa maluwa a m'mapepala. Pafupi nane panali matumba ounjikidwa, ndipo pamwamba pake panakhala mayi wina wojintcha, atavala chipewa chachimuna. Ndinamupempha madzi akumwa. Anandipatsa chigubu, koma maso ake sanachoke pa ine.

"Iwe uchoka kuti? Ukamba monga ubelenga Baibulo."

Ndinati ndine wa ku Mchinji, ku Malawi.

"Ni kum'mawa konse uko. Ndiwe mbuya wanga. Wabwela na mbeba zingati mu chola?"

Ndinakhumudwa, chifukwa sindinkadziwa. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa chibale cha nthabwala chimene amati chimbuya. Amanyozana popanda mlandu. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani, ndipo wina akamwalira, a mbali inayo ndi amene amagwira ntchito pamaliro, monga adzukulu kwathu. Mayiyo anali Bana Chanda, Mbemba wobadwira ku Kasama, wokulira ku migodi. Tsiku lomwelo anandipatsa fosholo.

Ntchito yake inali ya manyowa. Tinkagula zitosi kwa anthu oweta nkhuku m'makomboni, kuzisefa, kusakaniza ndi dothi lakuda, n'kuthira m'matumba akale a simenti. Ogula anali anyamata osamalira maluwa m'nyumba za ku Kabulonga ndi ku Ibex, nthawi zina madona eni ake, amene ankatsitsa galasi la galimoto pang'ono chabe. Fungo lake silinkachoka ndi sopo. M'minibasi anthu ankasendera kumbali, ndipo Bana Chanda ankawathokoza mokweza chifukwa chotipatsa malo.

Anali mayi wamasiye. Mwana wawo mmodzi yekha, Chanda, anali kondakitala wa minibasi, ndipo ankaoneka pakhomo akafuna kuchapiridwa. Za thupi lawo sankabisa. Anali pa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo ankamwera pamsewu pomwepo aliyense akuona.

"Wamene ananipasa anagona kudala kumanda," ankatero. "Ine nikali kudya."

Ndinazolowera. Mapewa anauma, m'manja munachita zikang'a. Zotumiza kumudzi zinachepa poyerekeza ndi za ku Kabulonga, koma sizinaleke. Akulu anga ananditumizira chithunzi cha Lonje pafoni atavala yunifolomu, ndipo ndinaona kuti mano akutsogolo anali ataguluka ine kulibe.

Nkhani ya famu inabwera ndi Ba Zulu, mwini kalole kamene kankatinyamulira katundu. Anati cha ku msewu wa ku Chongwe kuli makola a nkhuku amene anatsekedwa kalekale mwini wake atamwalira. Ana ake ankafuna kugwetsa makolawo kuti adule mapuloti, ndipo aliyense wochotsa manyowa a m'katimo atenge ulere. Bana Chanda anavina pamsewu, matako gwedegwede, mpaka amayi oswa miyala anaimitsa nyundo zawo.

Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Makolawo anali ataliatali, a malata, mawindo ake otsekedwa ndi masaka owola. Titakankha chitseko, kudenga kunachita phokoso ngati mapepala akuuluzika. Inali mileme, yodzaza mitanda yonse. Pansi manyowa anali ofika m'mawondo, a nkhuku kunsi, a mileme pamwamba, ouma, osalala ngati ufa wosefa. Bana Chanda anatapa dzanja limodzi n'kuwayang'ana monga mmene munthu amayang'anira mpunga wabwino pamsika.

"Mbuya, uyu ni golide. Sitizasefa na kusefa."

Khasu likangolowa, fumbi linkadzuka n'kuima m'mwamba osatsika. Dzuwa lolowera m'mabowo a malata linkaoneka ngati ndodo zoyera. Poyamba tinamanga zitenje kukamwa, koma m'katimo munali ngati mu uvuni, nsalu inkanyowa n'kumamatira kumphuno, ndipo tinazichotsa. Ukamina, zotuluka zinali zakuda. Ukalavula, chimodzimodzi. Masana tinkakhala pansi pa mtengo kudya mabanzi ndi madzi a shuga, nkhope zili mbuu, tikusekana kuti tafanana ndi zinyau. Bana Chanda ankaimba nyimbo za kwawo za kutchalitchi, ine n'kumalowetsamo mawu a Chichewa. Sindinama, masabata amenewo ndinali wokondwa. Mulu unakula kuseri kwa nyumba yawo ku Kalingalinga mpaka kupitirira zenera, ndipo tinauphimba ndi mapepala akuda.

Tisanamalize khola lomaliza, tonse atatu, ndi Ba Zulu omwe, tinagwa. Kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mafupa. Tinati ndi malungo. Ba Zulu anagona masiku ochepa n'kudzuka. Bana Chanda nawonso anadzuka, akutukwana udzudzu wa ku Chongwe. Ine ndinadzuka theka. Kutentha kunkapita n'kubweranso, ndipo kunatsala kachifuwa kouma kamene sikankamva mandimu kapena uchi. Thumba limene kale ndinkanyamula ndikucheza linayamba kundiimitsa panjira. Siketi inayamba kuzungulira m'chiuno.

Ku kiliniki anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo. Sanapezemo kanthu. Anandijambula m'chifuwa, ndipo wachipatala anakweza chithunzicho pazenera n'kundionetsa mitambo yoyera kumtunda kwa mapapo. Anati chifuwa chachikulu nthawi zina chimabisala, ndiyambe mankhwala. Anandiyezanso magazi, n'kundiuza kuti kachilombo ndilibe. Ndinayamba kumwa mapilitsi akuluakulu aja m'mimba mulibe kanthu. Mkodzo unasanduka wofiira, chakudya chinkanunkha chitsulo, koma ndinkamwa mokhulupirika chifukwa anandiuza kuti ndikapirira ndichira.

Pa mpopi wa ku Mtendere amayi anayamba kundipatsa mpata kuti nditunge msanga ndichoke. Mayi mwini nyumba anabwera tsiku lina n'kuima pakhomo osalowa. Sanali munthu woipa. Anali ndi ana aang'ono amene ankakonda kusewera pakhonde panga, ndipo anati mwamuna wake wanena kuti chipindacho akufuna kuikamo m'bale wake. Ndinati ndamva.

Bana Chanda anabwera ndi wilibala ya manyowa ataitsuka. Anaikamo matiresi, mapoto ndi simbi ija.

"Tiye ku nyumba. Ine TB ninadwala kudala, inanilephela."

"Nanga anthu adzati chiyani?"

"Bantu banikamba kuchokela pamene banamwalila bamuna banga. Manje bazasintako nkhani."

Chinali chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu. Anandipatsa bedi, iwo n'kumagona pansi. Masiku amene manja anga sankatha kukweza ndowa ankandisambitsa ngati mwana, akunditukwana kuti nthiti zanga zikhoza kuimbidwa ngati gitala. M'mawa ankapita kumsewu, masana n'kubwera kudzaona ngati ndadya. Kumudzi ndinasiya kuimba foni, chifukwa ndikayamba kuyankhula chifuwa chinkandidula. Ndinkangotumiza mawu olemba kuti ndili bwino, ntchito yachuluka.

Mayi wina woyandikana nafe anatikakamiza kupita kwa mneneri wa mu tenti ku Chainda. Mneneriyo anandigwira pamutu n'kunena kuti m'bale wanga wamkazi kumudzi anamanga chifuwa changa mu botolo. Ndinali wotopa kwambiri moti ndikanakhulupirira chilichonse. Pobwerera Bana Chanda anati, "Uyo muntu aliyense amuuza vya botolo. Kapena ali na fakitale." Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi m'ngalande youma, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona magazi koyamba pa nsalu yanga.

Miyezi ya mapilitsi inatha, ine osasintha. Anandiwonjezera ina. Kenaka ananditumiza kuchipatala chachikulu, kumene tinakhala pa mabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ulendo woyamba osaonana ndi aliyense. Ulendo wotsatira tinalowa kwa dokotala wamkazi, wamng'ono thupi, wooneka wotopa ngati ife tomwe. Anayang'ana zithunzi zanga zonse, zakale ndi zatsopano, nthawi yaitali. Kenaka anafunsa funso limene palibe anali atandifunsa.

"Amai, mugwila nchito bwanji?"

Ndinachita manyazi. Bana Chanda ndi amene anayankha kuti timagulitsa manyowa.

"Ya nkhuku? Yatsopano olo yakale?"

Tinamuuza za famu ija. Anafunsa ngati munali mileme, ngati munali mouma, ngati tinatseka kukamwa. Anafunsa amene anadwala titachokako. Analemba, n'kunditumiza kukatengedwa magazi ndi mkodzo, ndipo tsiku lina anandilowetsa kapaipi kukhosi kukatenga za m'mapapo mwenimwenimo. Zotsatira zinachedwa. Zitabwera, anatikhazika pansi tonse awiri.

Anati si chifuwa chachikulu, ndipo mwina sichinakhalepo n'komwe. Anati ndi fangasi. Nditaoneka kuti sindikumva, anafunsa ngati ndinaonapo chimanga chitachita chuku. Anati pali mtundu wina wa chuku umene umakhala m'dothi mmene zitosi za nkhuku ndi mileme zakhalitsa. Dothilo likauma n'kulitakasa, njere zake zosaoneka ndi maso zimauluka ndi fumbi, munthu n'kuzipuma. Ambiri amangodwala ngati chimfine n'kuchira. Ena chimakhazikika m'mapapo n'kumadya pang'onopang'ono, ndipo pachithunzi chimafanana ndi chifuwa chachikulu.

"Nanga ndingapatsire anthu?" ndinafunsa.

"Iyai. Sichichoka pa muntu kuyenda pa muntu. Chichoka mu doti chabe."

Ndinaganiza za ana a ku Mtendere aja, ndi za amayi a pa mpopi. Sindinakwiye. Mphamvu yokwiyira inalibe pokhala.

Dokotala uja anatembenukira kwa Bana Chanda n'kunena kuti amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chochepa ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa mwa iwo chimatha kuchoka m'mapapo n'kuyenda thupi lonse. Anati dothi lotere lizinyowetsedwa lisanakhudzidwe, ndipo kukamwa kuzikhala kotseka. Bana Chanda anagwedeza mutu ngati akumva za munthu wina.

Mankhwala anali makapisozi, omwa miyezi yambirimbiri, nditadya, ndiponso ndi chakumwa chakuda chija cha m'botolo, chifukwa akuti chimathandiza kuti alowe bwino m'thupi. Bana Chanda anaomba m'manja panja pa chipatala.

"Mbuya, wadwala matenda ya bazungu. Yofuna na dilinki."

Vuto linali lakuti makapisoziwo pa zenera la chipatala ankapezeka mwa apo ndi apo. Akasowa, tinkagula m'sitolo ya mankhwala m'tauni, ndipo mtengo wake unali woti munthu wa manyowa akaumva amayamba wakhala pansi. Chogulitsa chathu chinali chimodzi, mulu uja wa kuseri kwa nyumba.

Ndinawapempha kuti ausiye. Ndinati tipeze china, tomato, makala, chilichonse.

"Na ndalama ya kuti? Mankhwala yako tizagula na pempelo?"

"Munamva zimene ananena dokotala za inu."

"Ninamvela. Nizatila manzi."

Ankathiradi madzi akapezeka. Koma madzi ku Kalingalinga ndi ogula pa chigubu, ndipo masiku ena pa mpopi pankangotuluka mphepo. Masiku otero ndinkamva fosholo ikulira kuseri, ndipo kafumbi kankalowa pansi pa chitseko. Ine anandiletsa kufika kumeneko. Nditayamba kupeza mphamvu, ntchito yanga inali kukhala pamsewu kugulitsa matumba omangamanga, ndipo aliyense wogula ndinkamuuza kuti anyowetse asanamwaze. Anyamata a maluwa aja ankangoseka.

Kuchira kwanga kunabwera mwakachetechete. Tsiku lina ndinazindikira kuti ndamaliza mbale. Tsiku lina ndinafika pa mpopi osapumira panjira. Pamene ine ndinkabwerera, Bana Chanda anayamba kupita. Chipewa chija chinayamba kuwamira. Anasiya kudya zamchere, ati mano, koma nditawakakamiza kuyasamula ndinaona zilonda m'kamwa monse. Kumaso kunatuluka timatuza. Nditafunsa za mapilitsi awo anazemba, ndipo pomaliza anavomera kuti papita nthawi osakatenga. Kukatenga kunkafuna tsiku lathunthu pamzere, ndipo tsiku lathunthu pamzere ndi tsiku lopanda thumba logulitsidwa, pamene pakhomo panali pakamwa pawiri ndi makapisozi.

Ba Zulu anatinyamula pa kalole kawo. Dokotala yemwe uja atawaona sanafunse zambiri. Anawagoneka n'kuwaika diripi ya mankhwala achikasu imene inkawanjenjemeretsa mpaka bedi kulira. Tsopano inali nthawi yanga yowasambitsa. Chanda anabwera kawiri, n'kuima kumapazi kwa bedi akuseweretsa makiyi. Anali mwana ndithu, ndevu zokha.

Masana ena, ndikuwapukuta milomo ndi kansalu konyowa, anatsegula maso.

"Mbuya."

"Ndili pano."

"Pa malilo yanga usalile monga ba ku Malawi, mwakachete monga mwaba nkhuku. Unitukane bwino. Bantu baseke."

Ndinati asiye zimenezo, ndi iwo amene adzanditukwane pa maliro anga. Anati ine ndine wouma ngati mbewa yowamba, sindifa msanga. Sanathe sabata ina.

Abale awo anabwera kuchokera ku Mufulira ndi ku Kasama, anthu amene sindinawaonepo nthawi yonse ya matenda. Anadzaza kachipinda kaja, ndipo ine ndinatulutsa matiresi anga panja. Amayi a kum'mawa a m'komboni, a ku Katete, a ku Petauke, a ku Lundazi, anatenga mapoto ndi nkhuni n'kuyamba ntchito yawo ya chimbuya. Ankaphika akunyoza, akufunsa ofedwa ngati abweretsa nyani wa ndiwo. Tsiku loika maliro, mayi wina wachikulire wa ku Katete anandipatsa chitini cha ufa wosakaniza ndi paudala, umene ambuya amapaka ofedwa kumutu.

"Ndiwe unali mbuya wake weniweni. Yamba ndiwe."

Ndinamanga nsalu kumphuno n'kutapa. Ndinayamba ndi Chanda. Anaweramitsa mutu, ndipo nditamupaka anagwira dzanja langa n'kulisunga pamenepo kanthawi. Ena ndinawapaka mofulumira, nditatembenuzira nkhope kumbali.

Ku manda a ku Chingwere kunali mphepo, dothi lofiira likuuluka kuchokera pa mitumbira yatsopano. Bokosi litatsika, amayi aja anandikankhira kutsogolo. Ndinachotsa nsalu kukamwa.

"Bana Chanda," ndinatero, "ulesi wanu tinkaudziwa kale. Mwaona kuti matumba achuluka, mwathawa. Mwagona apa kuti ena akunyamuleni. Kumene mukupitako anyani kulibe, mukadya mbewa, ndipo mukazikonda."

Anthu anaseka, ngakhale a ku Kasama amene Chichewa changa ankachimva theka. Ndinkafuna kuwonjezera, koma chifuwa chinandigwira, ndipo ndinakakhala pa mtumbira wa munthu wosamudziwa mpaka anamaliza kukwirira.

Za mulu uja ndinamuuza Chanda kuti aunyowetse, akumbe dzenje, aukwirire. Anavomera mwaulemu. Patapita masiku ndinapeza lole itaima kuseri, anyamata akupakira ndi mafosholo, opanda kanthu kukamwa. Ndinawauza. Mmodzi anakweza malaya ake kutseka mphuno, ndipo nditatembenuka anawatsitsa. Mwini nyumba imene Bana Chanda ankachita lendi anafuna chipinda chake. Ndinagulitsa simbi ndi matiresi, ndinatenga makapisozi otsala ndi chikalata cha dokotala chokaonetsa kuchipatala cha kwathu, n'kukwera basi ya ku Chipata.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya akulu anga ili ndi malata. Gawo langa la munda alamu, amuna a akulu anga, anali atadzalamo soya. Mtsikana wamtali anatuluka m'khitchini, anagwada patali, n'kundipatsa moni wa alendo.

"Mwayenda bwanji?"

Anali Lonje. Akulu anga iye ankawaitana kuti amayi. Ine anandipezera dzina lakuti amayi a ku Lusaka, ndipo sindinamuletse, chifukwa ndi mmene zinalili.

Anandikonzera kanyumba kamene kale ankasungiramo fodya. Anandipatsa mbale yanga ndi kapu yanga, zimene zinkatsukidwa pazokha. Ndinafotokoza zonse, za famu, za mileme, za dokotala, kuti matendawa sapatsirana. Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Munthu kuchita chuku ngati chimanga cha m'nkhokwe yodontha? Mlamu, za ku Lusaka n'zambiri."

Akulu anga sanaseke. Anadikira alamu atachoka, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ungonena zoona, m'bale wanga. Masiku ano si zamanyazi. Anthu akumwa mankhwala n'kumalima." Ndinawayang'ana, ndipo ndinaona kuti akunena mwachikondi. Ndinangoti ndamva. Kufotokoza nakonso kumafuna mpweya.

Makapisozi ndinamaliza. Chifuwa chinaleka, koma mapapo sanabwerere onse. Mzere umodzi ndimalima mopumira, ndipo ndikakwera kachitunda ka kuchigayo ndimaima pakati ngati ndikuyang'ana mitambo.

Chilimwe chitafika, m'mawa wina ndinamva khasu likugunda kuseri kwa nyumba ya akulu anga. Kumeneko kuli khola la nkhuku lakale, la njerwa, limene silinakokoledwe chimangireni. Alamu ankafuna manyowa a ku dimba, ndipo anatuma Lonje. Nditazungulira ndinaona miyendo yake yokha, thupi lonse lili m'kati, fumbi likutuluka pakhomo pa kholalo ngati utsi.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo. Ndinamukoka mwendo mpaka anagwa chagada panja, khasu lili m'manja. Tsitsi lake ndi nsidze zinali mbuu. Ndinamukalipira ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndikadali nawo, ndipo nkhuku zinabalalika. Akulu anga anatuluka akuthamanga.

"Wamutani mwana?"

"Asalowemo mouma."

"Mwana uyu ndamulera ine. Makola takhala tikukokola chibadwire, palibe anafa."

"Ine ndinaika munthu m'manda."

Sindinadikire yankho. Pakhonde panali ndowa ya madzi ophikira amene Lonje anatunga m'mawa. Ndinainyamula n'kukaikhuthulira m'kholamo, kenaka ina ya pambali pake. Akulu anga anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana madzi awo akumira m'zitosi. Ananena kuti amene wataya akatunge, n'kulowa m'nyumba.

Ndinamanga mpango kumphuno, ndinatola khasu, n'kugwada pakhomo pa khola. Ndinakokola pang'ono, matope akuda olemera, mpaka m'maso munayamba kuchita mdima. Ndinakhala pansi n'kutsamira khoma, ndikupuma ngati galu. Lonje anali ataima pomwe ndinamugwetsera paja, akundiyang'ana.

"Amene munaika m'mandayo anali ndani?" anafunsa.

"Mayi wina. Ankandisambitsa ndikudwala."

"Anafa ndi fumbi?"

"Eya."

Kenaka anamasula chitenje chake cha pamwamba, anachipinda, n'kuchimanga kumphuno mmene anaonera ine. Anatenga khasu pamiyendo panga n'kusuzumira m'khola.

"Kumapeto uko sikunanyowe," anatero, mawu akumveka m'nsalu. "Ndikatunge ena?"

Ndinati akatunge. Anatenga ndowa zonse ziwiri, ndipo atafika pa ngodya ya nyumba anaima n'kucheuka, kuona ngati ndikubwera. Ndinadzuka pogwira khoma. Ku mjigo si kutali, koma tinapumira kawiri, ndipo ulendo wonsewo iye ndi amene ankayamba kuima.